Sukulu Imene Inabadwira pa Manda a ku Goma

Pakati pa ntchito zonse zimene munthu angamgwirire mnzake pansi pa thambo, palibe ina imene imaoneka yapafupi m'maso, chikhalirecho ili yovuta koposa, ngati ntchito yothandiza anthu amene agwa m'tsoka. Pakuti ambiri a ife timayesa kuti munthu akakhala ndi mtima wachifundo, manja awiri amphamvu, ndi galimoto yodzaza matumba a ufa, ndiye kuti wakwanira kupita kumene madzi asefukira, kumene nthaka yagwedezeka, kapena kumene nkhondo yabalalitsa mitundu ya anthu. Maganizo amenewa, ngakhale ali okoma kuwamva, anakwiriridwa pamodzi ndi anthu pafupifupi 50,000 kum'mawa kwa dziko la Zaire m'chaka cha 1994. Ndipo kuyambira pamenepo mabungwe othandiza anthu pa ngozi anayamba kuvomerezana, ena mokondwa, ena monyinyirika, kuti chifundo chosasulidwa chikhoza kupha, ndi kuti kusula anthu a ntchito imeneyi si katundu woti bungwe limodzi n'kumusenza lokha.

Zimene zinachitika ku Goma

M'mwezi wa Julaye chaka chimenecho, itatha miyezi itatu ya kuphana koopsa m'dziko la Rwanda, mmene anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anawonongedwa, khamu la anthu oposa 500,000 linawoloka malire m'masiku owerengeka okha, nilidzaza tauni ya Goma, imene ili m'mphepete mwa nyanja ya Kivu, patsinde pa phiri lophulika la Nyiragongo. Nthaka ya kumeneko ndi mwala umene unauma utatuluka m'phirimo uli wamoto, kotero kuti khasu silingakumbe chimbudzi, ngakhale manda. Ndipo anthu aja, popeza analibe kwina kotunga, ankamwa madzi a m'nyanja momwemo mmene munkalowa zonyansa zawo. Kolera inabuka, pambuyo pake kamwazi, ndipo mwezi umodzi usanathe mitembo inali itaunjikana m'mbali mwa misewu, yokulungidwa m'mphasa, kudikira magalimoto oinyamula.

Dziko lapansi silinakhale manja lende. Mabungwe oposa 100 anafika ku Goma ndi ndege, mahema, mankhwala ndi mbendera zawo, ndipo ambiri anagwira ntchito yotamandika usana ndi usiku. Koma madokotala a ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, amene anakulira pa ntchito ya kolera, atafika ndi kuyendera malo ochiritsira odwala, anaona chinthu chomvetsa chisoni: kuti anthu ankafera m'manja mwa owathandiza, chifukwa owathandizawo, ngakhale anali anamwino ndi madokotala a maphunziro apamwamba kwawo, anali asanaonepo kolera chibadwire. Ankaika diripi mochedwa ndi kuiyendetsa pang'onopang'ono pamene inafunika kuthamanga. Ena ankaika madzi osayenera. Madzi a mchere ndi shuga, amene kuno timawatcha thanzi, ankawanyozera. Ndipo ena ankapereka mankhwala amene tizilombo ta kumeneko tinali titawazolowera kale. Nthenda imene, ikagwiridwa bwino, siipha ngakhale munthu mmodzi pa odwala 100, inafika popha pafupifupi theka la odwala pa malo ena tsiku lina.

Pambuyo pake dziko la Denmark linatsogolera maiko ndi mabungwe ambiri kufufuza nkhani yonse ya Rwanda, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1996. Ofufuzawo sanabise mawu: anati chithandizo sichingalowe m'malo mwa udindo wa maboma woletsa kuphana, anatinso pamene mabungwe ena anachita bwino kwambiri, ena anatumiza anthu osayenera ntchito, nagwira mwayekhayekha, osafunsa anzawo, mpaka kutayitsa miyoyo imene ikanapulumuka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma ku Goma amene anadya phulalo si osafunsawo ayi, anali odwala awo.

Muyeso umodzi

Tsono mu 1997 mabungwe angapo omwe si aboma, pamodzi ndi a Red Cross ndi Red Crescent, anakhala pansi nayambitsa ntchito imene anaitcha Sphere, cholinga chake chili chakuti alembe m'buku limodzi zimene munthu wogwa m'tsoka ayenera kulandira, osati monga mphatso ya wachifundo, koma monga ufulu wake. Bukulo linatuluka loyesera mu 1998, lokwanira mu 2000, ndipo lakonzedwanso mu 2004, 2011 ndi 2018. M'menemo muli miyeso imene lero aliyense wa ntchito imeneyi amaidziwa pamtima, kaya ali ku Sudan, ku Haiti kapena ku Nsanje: kuti munthu mmodzi apeze madzi osachepera malita 15 pa tsiku, kuti potunga madzipo pasatalikire mamita 500 kuchokera pogona, kuti chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, ndipo chisatalikire mamita 50, kuti chakudya cha tsiku chikwane makalori 2,100, ndi kuti pogona pofolera pakhale masikweya mita 3.5 pa munthu aliyense.

Si onse amene anaomba m'manja. Mabungwe ena a ku France anachenjeza kuti manambala otere akhoza kusanduka fano, mwakuti wantchito n'kumawerenga zimbudzi osaona anthu, kapena opereka ndalama n'kumaweruza bungwe ndi ndodo imene sikugwirizana ndi malo. Chenjezo limeneli linali ndi nzeru, ndipo chifukwa chake ophunzitsa abwino amayamba ndi kulongosola chimene nambala iliyonse ikutchinjiriza, kuti wophunzira adziwe pamene angaisinthe ndi pamene sayenera kuikhudza. Komabe phindu la muyeso umodzi linaonekera msanga, pakuti unapatsa mabungwe chinthu chimene analibe kale, ndicho phunziro limodzi loti aliphunzitse onse; ndipo kuyambira pamenepo kunakhala kotheka kuti wantchito wa Oxfam, wa World Vision ndi wa boma akhale pa benchi imodzi, nasulidwe ndi mphunzitsi mmodzi, nakakumane kumsasa akulankhula chinthu chimodzi.

Mabungwe osula anzawo

Kunena zoona, mbewu ya maganizo amenewa inali itafesedwa kale Goma isanachitike. Injiniya wina wa ku Britain, Peter Guthrie, ataona mmene misasa ya anthu othawa ku Vietnam inkavutikira ku Malaysia chifukwa chosowa odziwa za madzi, misewu ndi zomangamanga, anayambitsa bungwe la RedR mu 1980, limene ntchito yake inakhala kusunga kaundula wa anthu aluso ndi kuwaphunzitsa, kuti mabungwe ena aziwabwereka ngozi ikagwa. Ku France, Dokotala Charles Mérieux, amene anaona pa ntchito yobaya katemera anthu miyandamiyanda ku Brazil kuti mankhwala sapindula kanthu ngati palibe wodziwa kuwanyamula, kuwasunga ozizira ndi kuwafikitsa pa nthawi yake, anatsegula sukulu ya Bioforce kufupi ndi Lyon mu 1983. Ndipo mu 2017 sukuluyi inatsegula nthambi ku Dakar, m'dziko la Senegal, kuti ana a mu Africa asulidwire pa nthaka yawo. Nayo komiti ya Red Cross ya ku Geneva, mogwirizana ndi bungwe la WHO ndi yunivesite ya mumzindawo, inayamba mu 1986 maphunziro a zaumoyo pa ngozi zokhudza makamu a anthu, amene mpaka lero amachitika m'maiko osiyanasiyana.

Mafunde oopsa a m'nyanja ya Indian Ocean a mu Disembala 2004, pamodzi ndi mavuto a ku Darfur, anaonetsanso kuti anthu osulidwa anali ochepa poyerekeza ndi kukula kwa masoka. Mu 2005 mabungwe asanu ndi awiri, CARE, Catholic Relief Services, International Rescue Committee, Mercy Corps, Oxfam, Save the Children ndi World Vision, amene masiku onse amapikisana pa khomo la opereka ndalama, anapangana kuphunzitsira pamodzi antchito awo, ndipo pambuyo pake ambiri mwa iwo anachita zoyeserera za ngozi limodzi m'maiko monga Bangladesh, Bolivia, Indonesia ndi Niger. Mu 2005 momwemo bungwe la United Nations linakhazikitsa dongosolo logawa ntchito m'magulu, la zaumoyo palokha, la madzi ndi ukhondo palokha, la pogona palokha, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wodziwika, ndipo linayesedwa koyamba pa chivomezi cha ku Pakistan mu Okutobala 2005. Mu 2015 bungwe la Save the Children linatsogolera kukhazikitsa Humanitarian Leadership Academy, imene maphunziro ake ambiri amapezeka kwaulere pa intaneti, kotero kuti mnyamata wa ku Chikwawa amene ali ndi foni yabwino akhoza kuphunzira zimene kale zinkafuna tikiti ya ndege.

Wina akhoza kufunsa chimene chimakakamiza mabungwe opikisana kugawana nzeru zawo. Chifukwa choyamba ndi ndalama, pakuti maphunziro ndi okwera mtengo, ndipo opereka chuma amakonda kugula mabulangete amene amaoneka pa chithunzi koposa kulipira mphunzitsi. Chachiwiri, antchito a chithandizo sakhazikika. Amene lero ali ku bungwe ili, chaka chamawa ali ku lina, kotero kuti wosula wantchito wa mnzake amasula wake wa mawa. Koma chifukwa chachikulu chimaoneka munthu akalowa m'hema la odwala kolera.

M'hema la kolera

Wophunzira akafika pakhomo amayamba waponda mankhwala ndi kusamba m'manja. Akalowa amapeza mabedi a pulasitiki obowola pakati, pansi pa bowolo pali ndowa, kumutu kuli ndowa ina ya masanzi. Amamuphunzitsa kutsina khungu la pamimba la wodwala ndi kupenya ngati likubwerera msanga kapena likutsalira chiimire. Kuyang'ana maso ngati alowa. Kugwira pamkono ndi kumva ngati mtsempha ukugunda. Wodwala amene angathe kumwa amamupatsa thanzi, kapu ndi kapu, osatopa, ngakhale akusanza. Amene wafooka osatha kumeza amamuika diripi ya Ringer's lactate, ndipo imayenda mothamanga pa chiyambi. Amamuphunzitsanso kusungunula kolorini wa mphamvu zitatu m'ndowa zolembedwa bwino: wa 0.05 peresenti wosambira m'manja, wa 0.2 peresenti wopukutira pansi ndi mabedi, ndi wa 2 peresenti wothira m'zonyansa za wodwala ndi pokonza thupi la womwalira.

Tsono lingalirani usiku umodzi m'hema limenelo, mmene muli namwino wa boma, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, wodzipereka wa Red Cross, ndi dokotala wa Médecins Sans Frontières amene wafika dzulo kuchokera kutali. Anthu anayiwa alibe nthawi yodziwana maina bwino, ndipo odwala akubwera pa njinga ndi pa machira mosalekeza. Akakhala kuti aliyense anaphunzira kusungunula kwake, kulemba kwake ndi kusankha kwake amene ayambe kuthandizidwa, wina adzasamba m'manja ndi mankhwala otentha khungu, wina adzathira madzi opanda mphamvu m'ndowa ya zonyansa, ndipo hema lochiritsira lidzasanduka chitsime cha nthenda. Mutu umodzi susenza denga, inde. Koma mitu inayi yosayendera phazi limodzi imagwetsa dengalo panjira. Ife a kuno sitikusowa wotiuza zimenezi, pakuti kolera imene inayamba mu Marichi 2022 inagwira anthu pafupifupi 59,000 m'dziko muno, nipha oposa 1,700.

Luso la manja lokha silikwanira. Mu 2002 kunamveka mbiri yochititsa manyazi kuchokera m'misasa ya othawa nkhondo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, yakuti antchito ena a chithandizo ankanyengerera atsikana ndi chakudya, sopo ndi malona amene anatumidwa kuti agawe ulere. Ndipo chaka chotsatira mlembi wamkulu wa United Nations anatulutsa lamulo loletsa khalidwe lotere. Apanso panaoneka kuti bungwe limodzi silingadzitchinjirize lokha, pakuti mmbulu wothamangitsidwa m'khola ili umangolowa m'khola linalo ngati abusa sauzana. Chifukwa chake lero phunziro la khalidwe limaphunzitsidwa pamodzi ndi phunziro la madzi ndi chakudya: kuti thumba la ufa si la wogawa, kuti wolandira ali ndi ufulu wodandaula, ndi kuti ayenera kudziwa kumene angakadandaule osaopa kufufutidwa m'kaundula.

Zimene dziko lino laphunzitsa ndi zimene laphunzira

Nzeru zimene zili m'mabuku a mabungwewa sizinachokere ku Geneva kokha. Zina zinagulidwa ndi misozi pa nthaka ya Malawi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, dziko lino, eni ake asanakwane 10 miliyoni, linasunga abale athu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, m'midzi ya m'malire ndi m'misasa monga Nyamithuthu ndi Mankhokwe ku Nsanje, ndipo boma, a Malawi Red Cross, UNHCR, WFP ndi Médecins Sans Frontières anagwira ntchito limodzi kufikira pambuyo pa pangano la mtendere la mu 1992. M'misasa imeneyo anthu anaphunzira zambiri za kamangidwe ndi kayendetsedwe ka malo ochiritsira kolera. Momwemonso mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa kwa miyezi ingapo, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, nthenda yowaula khungu imene imagwira odya chimanga chokhachokha. Ndipo ogawa chakudya anazindikira kuti kudzaza mimba ndi kudyetsa thupi ndi zinthu ziwiri, nayamba kuthira mavitamini mu ufa.

Napolo wa ku Phalombe wa mu Marichi 1991 ndiye anabala lamulo loyamba la dziko lino lokhudza kukonzekera ngozi, ndipo pa maziko amenewo panamangidwa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, pamodzi ndi makomiti a pa boma, a kwa mfumu yaikulu ndi a m'midzi. M'madera ena a m'mbali mwa mitsinje, mabungwe ndi makhonsolo aphunzitsa anthu kuwerenga mlongoti woyezera madzi wopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Madzi akafika pachikasu, wa kumtunda amaimbira foni wa kumunsi, ndipo akafika pofiira, wa kumunsiyo amayenda ndi chimkuzamawu ndi wenzulo kudzutsa mudzi, achinyamata nanyamula nkhalamba ndi olumala kupita nawo kumtunda kumene anagwirizana kale. Maphunziro ake ndi a masiku ochepa, zipangizo zake n'zotsika mtengo, koma ndiwo amene amasiyanitsa mudzi wotaya katundu ndi mudzi wotaya ana.

Namondwe wa Freddy, amene anagwa m'chigawo cha kumwera mu Marichi 2023, anayesa zonsezi ndi moto. Anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, oposa 500 anasowa, ndipo oposa 650,000 anathawira m'misasa, yambiri mwa iyo m'masukulu ndi m'matchalitchi. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross anagwira ntchito yaikulu, ndipo thandizo linabwera kuchokera ku Zambia, ku Tanzania, ku Britain ndi kwina. Koma pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe, pamene milatho inaduka ku Mulanje ndi ku Phalombe, amene anayamba kufukula anzawo ndi makasu, mafosholo ndi manja anali anansi awo. Ndipo ambiri mwa iwo anali asanauzidwepo mmene munthu amanyamulira wothyoka msana, kapena mmene amaletsera magazi. Katswiri wakunja, ngakhale akhale wodziwa chotani, amafika patapita masiku. Ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Pamene patsala ntchito

Apa ndiye pagona mlandu umene mgwirizano wa mabungwe sunauthetse. Pa msonkhano waukulu wa ku Istanbul mu 2016, opereka ndalama ndi mabungwe akuluakulu analonjeza kuti pofika 2020, gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma cha chithandizo lizidzapita, mwachindunji monga kungathekere, kwa mabungwe a m'maiko okhudzidwa; chakacho chinafika nichidutsa lonjezolo lisanakwaniritsidwe. Maphunziro ambiri akuchitikabe m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, m'mahotela a m'mizinda ndi a kunyanja, kumene nkhope zomwezomwezo zimabwerera mwezi ndi mwezi, zina zokopeka ndi alawansi koposa phunziro, pamene mayi wa m'komiti ya m'mudzi, amene adzakhale woyamba kumva mkokomo wa madzi usiku, anaphunzitsidwa kamodzi kalekale ndipo wenzulo yake inatayika. Kulinso chizolowezi chakuti bungwe laling'ono la kuno likasula mnyamata wake bwino, bungwe lalikulu limamutenga ndi malipiro onona, nilisiya laling'onolo liyambirenso. Ndipo zimenezi, ngakhale zilembedwe dzina la ubale pa pepala, ndi kukolola pamene sunalime.

Njira yake si yobisika. Mabungwe amene anatha kugwirizana pa malita 15 akhoza kugwirizananso pa phunziro limodzi la m'Chichewa, m'Chisena, m'Chilomwe, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, loperekedwa pansi pa mtengo kwa mfumu, lobwerezedwa chaka ndi chaka mvula isanagwe, lokhala ndi kuyeserera kwenikweni kumene mudzi wonse umathamangira kumtunda, osati kulemba pa bolodi kokha. Akhoza kuika kaundula wa osulidwa m'manja mwa khonsolo, kuti pulojekiti ikatha nzeru zisathere pomwepo. Akhoza kudalira sukulu za kuno, monga yunivesite ya MUST ku Thyolo imene imaphunzitsa za kasamalidwe ka ngozi, m'malo moitanitsa aphunzitsi kutsidya kwa nyanja nthawi zonse. Lamulo latsopano la za ngozi, limene nyumba ya malamulo inavomereza mu 2023, lapereka maziko. Chatsala ndi kumangapo.

Ndipo inu owerenga, musayese kuti nkhaniyi ndi ya mabwana a ku Lilongwe ndi ku Geneva okha, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mvula ya chaka chino isanayambe, pitani kwa anyakwawa kapena kwa mfumu ya m'dera lanu, mukafunse maina a anthu a m'komiti yoona za ngozi, tsiku limene anaphunzitsidwa komaliza, ndi malo amene mudzi unagwirizana kuthawira. Mukapeza kuti komitiyo inagona, kaidzutseni, ndipo mukapeza kuti kulibe, kalembetseni dzina lanu loyamba.